Nyambo ya Nthenga

Ife anthu a m'mphepete mwa nyanja sitikonda kuuzidwa za nsomba. Tidabadwira m'fungo la usipa wa pathandala, tidakulira chambo ndi kampango, ndipo mwana wa ku Malindi kapena ku Nkhotakota amadziwa kumanga mbedza asanadziwe kulemba dzina lake. Khoka timalidziwa, chilimira timachidziwa, matchera ndi miono nazonso n'zathu. Choncho munthu akabwera n'kunena kuti kuli uwedzi wina umene sitiudziwa, timayamba tamuyang'ana kaye kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Komabe akuluakulu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Lero tikufuna ticheze nanu, abale athu, za uwedzi wachilendo umene ife takhala tikuuphunzira pang'onopang'ono, wogwira nsomba ndi nyambo yosadyeka, yomanga ndi nthenga, ulusi ndi ubweya. Azungu amautcha fly fishing.

Dzinalo lisakunyanseni poganiza ntchentche za kudzala. Chimene akunena ndi tizirombo touluka ta kumadzi, monga tombolombo ndi abale ake, timene nsomba zimadya. Mlenje wa nsomba amatenga mbedza yaing'ono n'kuiveka nthenga mwaluso mpaka ioneke ngati kachirombo, kapena ngati kansomba. Akaiponya pamadzi, nsomba imaiyesa chakudya n'kuimeza. Nyongolotsi imakopa nsomba ndi fungo ndi kukoma kwake, pamene nyambo ya nthenga ilibe fungo ngakhale kukoma. Imadalira maonekedwe ndi mayendedwe okha. N'chifukwa chake woigwiritsa ntchito ayenera kudziwa chimene nsomba ikudya tsiku limenelo, pamalo amenewo, ndipo kudziwa kumeneku ndiko kwatikoka mtima ife.

Kaponyedwe kake nakonso n'kosiyana ndi kathu. Ife timamangirira kamwala kapena kamtovu kuchingwe kuti kulemerako kukoke chingwe poponya. Nyambo ya nthenga n'njopepuka ngati mankhusu, singapite patali payokha. Tsono cholemera chimakhala chingwe chenichenicho, chonenepa ngati kamtengo ka machesi, ndipo kumapeto kwake amalumikizako kachingwe koonekera konkera ku uwonde, kuti nsomba isaone pamene nyambo yamangidwa. Ndodo yake imakhala yowetawa, yotalika pafupifupi mamita atatu. Wowedza amakupiza chingwecho m'mwamba, kumbuyo ndi kutsogolo, mpaka chitambasuke, ndipo nyambo imatera pamadzi mofatsa ngati tsamba.

Kumene udachokera

Uwedziwu si wa dzulo. Zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, mlembi wa ku Roma dzina lake Aelian adalemba za anthu a ku Macedonia amene ankawedza nsomba zamawangamawanga mumtsinje wa Astraeus. Iwo ankakulunga ubweya wofiira pambedza n'kumangapo nthenga ziwiri za pakhosi pa tambala. Taonani kuti zipangizo zimenezo zili pakhomo pa aliyense wa ife mpaka lero. Ku England, buku lina losindikizidwa mu 1496 lidafotokoza nyambo 12 za nthenga, ndipo lidazigawa motsata miyezi, kusonyeza kuti olembawo ankadziwa kuti tizirombo ta mwezi uno si ta mwezi wamawa. Mu 1836 Alfred Ronalds adatulutsa buku lokhala ndi zithunzi za kachirombo kenikeni pambali pa nyambo yokatsanzira. Bambo ameneyu adachita kumanga kanyumba m'mphepete mwa mtsinje kuti azisuzumira nsomba zikudya, izo osamuona.

Pambuyo pake padabuka mkangano wa akatswiri. Frederic Halford, amene buku lake loyamba lidatuluka mu 1886, ankaphunzitsa kuti uwedzi waulemu ndi wa nyambo yoyandama pamwamba pamadzi. G.E.M. Skues, m'buku lake la mu 1910, adaonetsa kuti nsomba zimadya kwambiri tizirombo tisanamere mapiko, tidakali pansi pa madzi, ndipo kuti nyambo yomira nayo ili ndi malo ake. Mbali ziwirizi zidakanganabe mpaka pamsonkhano wa ku London mu 1938. Wina amene ife timamukonda ndi Frank Sawyer, mlonda wa mtsinje wa Avon, munthu wa ntchito yamanja amene adakhala moyo wake wonse akuyang'ana m'madzi. Iye adapanga nyambo ndi zinthu ziwiri zokha, timiulusi ta nthenga ya kumchira kwa mbalame yonga nkhwali ndi kawaya ka mkuwa, popanda ulusi. Nyambo yosaoneka bwinoyo ikugwirabe nsomba m'maiko ambiri kufikira lero.

Kuno kwathu uwedziwu udabwera ndi atsamunda kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Iwo adabweretsa nsomba yotchedwa trout, imene kwawo kwenikweni ndi mitsinje yozizira ya kumadzulo kwa North America, n'kuithira m'mitsinje ya pamwamba pa mapiri a Zomba ndi Mulanje, ndipo kenaka ku Nyika. Nsombayi imafuna madzi ozizira ndi oyera, motero singakhale m'nyanja yathu kapena mu Shire. Amene adakwerapo phiri la Zomba adaona mtsinje wa Mulunguzi ndi damu la Chagwa, ndipo ku Nyika kuli madamu a ku Chelinda. Kumeneko ndiko uwedzi wa nthenga udakhazikika, ndipo kwa zaka zambiri unali wa mabwana okhaokha, anthu akuda n'kumangowanyamulira madengu. M'pomveka kuti ambiri a ife timauona ngati masewera a anthu okhuta. Koma luso lilibe mtundu. Ku Kenya, kumene trout idalowanso ndi atsamunda, kumanga nyambo za nthenga kudasanduka ntchito yolembedwa, ndipo nyambo zomangidwa ndi manja a anthu a kumeneko zimagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America.

Kusankha nyambo

Nyambo za nthenga zilipo za mitundu yosawerengeka, iliyonse ndi dzina lake, koma zonse tingazigawe m'magulu anai. Gulu loyamba ndi la zoyandama, zotsanzira kachirombo kamapiko kotera pamadzi. Yotchuka ndi Adams, yotuwa, imene Leonard Halladay adaimanga koyamba ku Michigan mu 1922. Gulu lachiwiri ndi la zomira pang'ono, za nthenga zofewa zogwedezeka m'madzi, zotsanzira kachirombo komira kapena kamene kakukwera kuti katuluke. Gulu lachitatu ndi la zotsanzira mphutsi zokhala pansi pa miyala, monga ija ya Sawyer. Gulu lachinai ndi la zotsanzira tinsomba, zazitali ndi zonyezimira, zimene wowedza amazikoka mwamdidi kuti zioneke ngati kansomba kothawa. Mwa izi muli Clouser Minnow ya mu 1987, yokhala ndi timaso tolemera timene timatembenuza mbedza kuti nsonga iloze kumwamba, isamakodwe m'miyala.

Wophunzira amafunsa kuti, nanga pa zonsezi ndimange iti kuchingwe? Yankho lili mumtsinje momwemo. Wowedza wodziwa akafika pamadzi sathamangira kuponya. Amakhala pansi n'kuyang'ana ngati pali tizirombo touluka, ngati nsomba zikuvuula pamwamba, ndi ngati akangaude a m'mabango akola chiyani usiku. Kenaka amalowa pamalo osaya, n'kutola mwala, n'kuutembenuza. Pansi pa mwala wa mumtsinje wamoyo pamakhala mudzi wathunthu. Pali timphutsi tapansipansi ta michira itatu yonga tsitsi, timene timakhala m'madzi miyezi yambiri, koma tikamera mapiko timangokhala tsiku limodzi kapena awiri, osadya kanthu, kungoikira mazira n'kufa. Pali tina timene timadzimangira nyumba ndi mchenga ndi tizitsotso, n'kumayenda nayo ngati nkhono. Pali ana a tombolombo, olusa, odya anzawo. Chimene chachuluka pansi pa mwalawo ndicho ndiwo ya nsomba tsiku limenelo, ndipo nyambo yofanana nacho ndiyo yoyamba kuyesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pofananitsapo, choyamba kuganizira ndi kukula kwa nyambo, chachiwiri kaumbidwe kake, ndipo mtundu umabwera pambuyo. Nsomba imene ikudya tizirombo tating'ono ngati njere ya mpunga imalambalala nyambo yaikulu ngati chiwala, ngakhale ikongole chotani. Mbedza zili ndi manambala, ndipo nambala ikamakula mbedza imachepa: nambala 6 n'njaikulu, 12 n'njapakati, 18 n'njaing'ono zedi. Ogulitsa amadziwa kuti nyambo yowala imagwira maso a wogula isanagwire nsomba. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyambo zogwira nsomba tsiku ndi tsiku kawirikawiri zimakhala zotuwa, zakuda kapena zofiirira, chifukwa tizirombo tambiri ta m'madzi timaoneka choncho. Madzi akakhala amatope, yakuda kapena yonyezimira imaoneka msanga. Akakhala oyera ndi odekha, pamafunika yaing'ono ndi kachingwe kowonda.

Zonsezi kwa munthu wa kunyanja si zachilendo kwenikweni. Ndani wa ife sadaone nkhungu zikufuka pakati pa nyanja ngati utsi wa moto wolusa, makamaka nyengo yadzinja? Nkhungu zimayamba ngati timphutsi toonekera, tokhala m'madzi akuya masana n'kumakwera usiku, ndipo ndi chakudya cha nsomba zambiri za m'nyanja. Zikakhwima zimatuluka zonse pamodzi, ndipo mphepo ikazikankhira kumtunda amayi amazikola ndi madengu n'kuumba zigumu. David Livingstone adaziona ndi kuzilawa pamene adayenda panyanjayi mu 1861. Chimene Ronalds ankasuzumira m'kanyumba kake, agogo athu ankachidziwa kale m'njira yawo. Timadziwanso kuti mvula yoyamba ikagwa ngumbi zimatuluka, zina n'kugwera m'madzi, ndipo nsomba zimachita phwando. Timadziwa kuti mcheni umasaka usipa, n'chifukwa chake timaukola ndi usipa pambedza. Munthu womanga nyambo yoyera, yowonda, yonyezimira m'mbali, yautali wa chala, wamanga usipa wosaola, wosafuna kugula m'mawa uliwonse. Kumunsi kwa Shire, kupitirira mathithi a Kapichira, kuli nsomba ya mano akuthwa imene Azungu amaitcha tigerfish, ndipo imalumphira nyambo zotsanzira tinsomba. Kumeneko amaika kawaya pakati pa nyambo ndi chingwe, chifukwa mano ake amadula chingwe ngati lumo.

Kumanga nyambo

M'masitolo akunja muli zipangizo zodula, koma ife taona kuti chiyambi sichilira ndalama zambiri. Chofunika ndi chopanira mbedza kuti manja onse awiri akhale omasuka, ndipo pulayala yomanga ndi mphira n'kuikhomera pathebulo imagwira ntchitoyo. Pafunikanso sizasi yaing'ono yakuthwa, singano, ulusi wowonda koma wolimba wa kwa atelala, ndi mankhwala oonekera opaka m'zikhadabo omatira mfundo. Tambala akaphedwa pakhomo, nthenga za m'khosi mwake, zazitali ndi zolimba zija, ndizo zabwino kwa nyambo yoyandama. Za thadzi n'zofewa, zoyenera nyambo yomira. Nthenga za nkhanga, ndi mawanga ake aja, zimaoneka ngati timiyendo ta kachirombo. Za bakha zimachita mapiko. Ubweya wa juzi yakutha umachita thupi, kawaya ka mkuwa kamapezeka m'wailesi yakufa, ndipo pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi limachita mamba a kansomba.

Tiyeni timange imodzi yosavuta, ya gulu lachiwiri lija. Panani mbedza ya nambala 12 nsonga ili pansi. Yambani kukulunga ulusi pafupi ndi diso la mbedza, mizere yogundana, kulowera kumene mbedza yapindikira. Pamenepo mangani timiulusi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ta nthenga ya tambala kuti tikhale mchira, wautali wosapitirira thupi la mbedza. Pomweponso mangani nsonga ya kawaya ndi nsonga ya ubweya, ndipo bwererani ndi ulusi kufupi ndi diso. Tsono kulungani ubweyawo kulowera kutsogolo, mowonda kumchira ndi monenepa pang'ono kuchifuwa, n'kuumanga ndi ulusi. Kawaya kaja kakulungeni motalikitsa mizere, kanai kapena kasanu, mopingasa ndi m'mene mudakulungira ubweya, kuti kagwire thupi lisamasuke nsomba ikaluma. Mukatero tengani nthenga imodzi yaing'ono ya nkhanga, imangeni kunsonga kwake pafupi ndi diso, ndipo izungulizeni kawiri kokha kuti timiulusi take tiyang'ane kumbuyo ngati ambulera yotseka pang'ono. Dulani zotsala, pangani kamutu ndi ulusi, mangani mfundo zitatu, ndipo dontheza kadontho ka mankhwala aja ndi singano, osatseka diso la mbedza.

Ophunzira onse amagwa m'mbuna ziwiri. Yoyamba ndi kuchulutsa zipangizo, kuganiza kuti nthenga zambiri ndiye nsomba zambiri, pamene kachirombo kenikeni n'kowonda ndipo kuwala kumadutsa m'mapiko ake. Yachiwiri ndi kupanikiza diso la mbedza mpaka kusowa poloweza chingwe. Mankhwala ake ndi kumanga mtundu umodzi kakhumi motsatizana, n'kuziika pamzere. Yakhumi idzaoneka yosiyana ndi yoyamba, ndipo manja adzakhala ataphunzira zimene pakamwa sipangafotokoze. Ntchitoyi imayenera madzulo, banja litakhala pamodzi, ndipo taona kuti atsikana ozolowera singano amaposa anyamata msanga. Wodziwa kuluka ukonde kapena kusoka chipewa sangavutike nayo.

Pa nkhani ya nthenga tichenjezane. M'zaka za m'ma 1800 olemera a ku Britain ankamanga nyambo ndi nthenga za mbalame zosowa zochokera kumaiko akutali, ndipo chilakolako chimenecho sichidathe. Mu 2009 mnyamata wina wa ku America, wophunzira zoimbaimba ku London, adathyola nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Tring n'kuba zikopa za mbalame 299, zina zosonkhanitsidwa zaka zoposa 100 m'mbuyomo, kuti agulitse nthenga kwa omanga nyambo. Zambiri zidaonongeka kosabwezeka. Chomvetsa chisoni n'chakuti nsomba siidziwa mtengo wa nthenga, ndipo nyambo zambiri zotero sizilowa n'komwe m'madzi. Ife tisaphunzitse ana athu luso limeneli kuti mawa atenge malegeni kukatha mbalame za m'mabango. Nthenga za nkhuku, nkhanga ndi abakha a pakhomo, zimene timataya kudzala tsiku lililonse, n'zokwanira.

Kusunga nyambo

Munthu akamanga nyambo makumi angapo amakumana ndi vuto latsopano, losowa imene akufuna pamene nsomba zikudya. Nthawi imene tizirombo tikutuluka imatha kukhala yaifupi, ndipo wofufuza m'chitini chosakaniza amapeza nyambo yake phwando litatha. Kabokosi kalikonse kotseka bwino kamathandiza, ngakhale kachitini ka masamu ka ana asukulu. Matani m'kati mwake kachidutswa ka patapata wakutha kapena thonje la matiresi, ndipo zibayeni mbedza m'mizere. Ife timasunga magulu anai aja padera: zoyandama mbali yawo, momasuka kuti nthenga zisaphwanyike, zomira ndi zamphutsi mbali ina, ndipo zotsanzira tinsomba m'kabokosi kawokawo poti n'zazitali. Mumzere uliwonse timayamba ndi zazikulu kutsikira ku zazing'ono, kuti dzanja lizidziwa kopita ngakhale kukuchita mdima. Ena amagawa motsata nyengo, kabokosi ka dzinja ndi ka chilimwe, ena motsata malo, ka kumtsinje ndi ka kunyanja. Njira iliyonse n'njabwino malinga mwiniwake aisunge.

Nzeru ina n'njakuti kuli bwino kukhala ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi imene mukuidziwa bwino, uliwonse m'misinkhu itatu, ndipo msinkhu uliwonse nyambo zitatu, kusiyana ndi kunyamula mitundu 100 imodziimodzi. Nyambo yogwira nsomba ndiyo imayamba kuduka kapena kukodwa mumtengo, ndipo zimawawa ikakhala kuti inali yokhayo. Adani a kabokosi ndi awiri, dzimbiri ndi njenjete. Nyambo yonyowa isabwerere m'kabokosi. Ibayeni pachipewa iume kaye, ndipo mukafika kunyumba siyani kabokosi kotsegula usiku wonse. Mbedza yadzimbiri imathyoka pansomba yaikulu, ndipo imapatsira zinzake, paja ikaola imodzi zaola zonse. Nthenga zosamangira zichapeni ndi sopo, ziumitseni padzuwa, ndipo zisungeni m'mabotolo otseka, zatsopano padera kufikira mutatsimikiza kuti zilibe tizirombo. Kabokosi kakhale patali ndi ana aang'ono, chifukwa chimene chimanyenga nsomba chimanyenganso mwana wokwawa. Poponya valani chipewa ndi magalasi, poti mbedza youluka siisankha diso. Ndipo m'mitsinje ya kuchigwa kuno tisaiwale ng'ona ndi likodzo. Funsani eni dera musanaponde m'madzi.

Pambali pa kabokosi pakhale kakope. Lembanimo tsiku, malo, maonekedwe a madzi, tizirombo timene mudapeza pansi pa miyala, ndi nyambo imene idagwira. Chaka chikatha, kakope kameneko kamakuuzani zoti mumange ndi zoti muleke. Zaka zikapita, kamasanduka mbiri ya mtsinjewo, ndipo apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza tonse, ngakhale amene sadzagwirapo ndodo yotere.

Chimene mwala umatiuza

Akatswiri a zamadzi akafuna kudziwa ngati mtsinje uli moyo, amachita zomwe wowedza uja amachita, kutembenuza miyala n'kuwerenga tizirombo. Timphutsi ta michira itatu ndi tomanga nyumba tija sitipirira madzi oipa. Matope akakwirira miyala, kapena mankhwala a m'munda akatsikira mumtsinje, ndito timayamba kutha, n'kutsala nyongolotsi zofiira ndi zina zopirira uve. Ku South Africa adakonza njira yotchedwa miniSASS, yakuti ngakhale ana asukulu azitha kuyeza mtsinje wa kwawo poona tizirombo timeneti. Tizirombo tikatha, ana a nsomba amasowa chakudya, ndipo ife timadzazindikira patapita zaka, pamene mbale yayamba kuchepa.

Taganizani za mpasa, nsomba imene padziko lonse imapezeka m'nyanja yathu yokha ndi m'mitsinje yothira m'menemo. Mpasa umakulira m'nyanja, koma pobereka umakwera mitsinje monga Bua, Linthipe, North Rukuru ndi Songwe, kukaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi othamanga. Ana ake amayamba moyo mumtsinje, akudya tizirombo tomwe tija, asanatsikire kunyanja. Madzi saiwala khwawa, ndipo mpasa nawo suiwala mtsinje. Koma ukakwera n'kupeza timiyala takwiririka ndi dothi lochokera m'minda yolimidwa mpaka m'gombe, mitengo ya m'mbali itatha ndi makala, mtsinje utatsekedwa ndi maukonde kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo, ukabereke kuti? Akuluakulu a ku Nkhotakota ndi ku Karonga amasimba za mpasa umene unkadzaza mabwato, ndipo ana athu ambiri sadaulawe. Mtsinje wa Bua uli ndi mwayi poti mbali ina umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Mitsinje ina yambiri ilibe mlonda wina koma ife.

Sitikunena kuti uwedzi wa nthenga udzadyetsa mudzi. Ndi uwedzi wa nsomba imodziimodzi, ndipo bambo wofuna ndiwo za ana asanu ndi fizi ya sukulu sangasiye chilimira n'kutenga nthenga za nkhanga. Anzathu akunja ambiri amagwira nsomba n'kuibwezera m'madzi, mwina amachita kuphwanya kamnga ka mbedza kuti nsomba isavulale poichotsa. Kwa munthu wogona ndi njala zimenezi n'zovuta kumvetsa, ndipo ife sitingauze banja losowa ndiwo kuti libweze chambo m'nyanja. Chimene tingatengeko ndi chakuti wowedza ndi mbedza amaona nsomba iliyonse m'manja mwake, ndipo amatha kusankha, yaikulu kupita nayo kunyumba, yaing'ono ndi yamazira kuibweza. Neti ya udzudzu siisankha. Imakokolola ana a nsomba, mazira ndi timphutsi tomwe, kwinaku ana athu akugona osafunda neti, malungo n'kumawagwira. Katupe wothira m'dziwe nayenso sasankha, amapha zonse, zodyedwa ndi zosadyedwa. Lamulo la zausodzi lilipo, nyengo zotseka nyanja zilipo, koma lamulo lopanda mtima wa anthu limangokhala papepala.

Kudziletsa pa nsomba si nzeru yobwera ndi ndege. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo yadzinja kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi amamvera. Anthu ochokera kutali amabwera kudzaphunzira m'mene mudzi ungasungire nsomba zake. Choncho mlonda wa mtsinje wa Avon ndi mfumu ya ku Mbenji akadakumana akadamvana msanga, chifukwa onse adayamba ndi kuyang'anitsitsa madzi asanatengemo kanthu.

Pempho lathu kwa makolo ndi laling'ono. Tchuthi chikubwerachi, madzi a m'mitsinje akayera, tengani ana kumtsinje wapafupi pamalo osaya ndi odziwika bwino, mutenge mbale yoyera, mutembenuze miyala khumi, ndipo mutsukuluzire m'mbalemo zimene zili pansi pake. Awerenge mitundu imene aone, aijambule m'kope, ndipo akatha aibwezere m'madzi pamodzi ndi miyalayo m'mene inalili. Madzulo afunseni agogo maina a tizirombo timeneto ndi nsomba zimene zinkapezeka pamenepo kale, poti maina ambiri akupita ndi eni ake kumanda. Tambala akadzaphedwa, sungani nthenga za m'khosi, mupatse mwana mbedza ndi ulusi, ayese kumanga chimene adaona m'mbale muja. Chaka chamawa, mwezi womwewo, mudzabwererenso pamalo omwewo ndi kope lomwelo. Mukadzapeza mitundu yachepa, mudzakhale ndi chonena kwa amfumu ndi ku komiti ya pagombe, ndi umboni wolembedwa ndi dzanja la mwana wanu.